Amayi Ankayankhabe Foni

Amayi anga atamwalira anapitirizabe kuyankha foni. Sindikunena za maloto ayi. Panali nambala ina imene alimi a tiyi a ku Honde ndi ku Chipinge ankaimba akafuna kudziwa tsiku lobwera lole yotenga masamba, ndipo woimbayo akasankha Chinyanja, amene ankamulandira anali amayi.

Ine ndinabadwira pa komboni ya esiteti ina kufupi ndi Chipinge. Agogo a mbali zonse ziwiri anachokera ku Malawi kudzathyola tiyi, ndipo mafupa awo ali konkuno. Abambo ankagwira ntchito m'fakitale, kumene amafotetsera masamba. Amayi anathyola tiyi mpaka msana unakana, kenako anayamba kugulitsa tomato ndi matemba ku Gaza, komboni ya m'tauni ya Chipinge, komwe tinasamukira abambo atapuma pantchito. M'nyumba tinkalankhula Chinyanja, panja Chindau, kusukulu Chingerezi. Azing'ono anga Chinyanjacho amangochimva, poyankha amayankha m'Chishona. Ine chinandikhala pakamwa chifukwa ndine woyamba kubadwa, ndinakula agogo akadali moyo.

Nditamaliza maphunziro a makompyuta ndinapeza ntchito ku Mutare, pa kampani yaing'ono yolemba mapulogalamu. Ine sindinkalemba. Anzanga akalemba pulogalamu, ntchito yanga inali kuifufuza zolakwa isanapite kwa eni ake. Ndili watsopano ndithu, bungwe lina la alimi ang'onoang'ono a tiyi linatipempha kuti tiwapangire foni yodziyankha yokha, yoti mlimi aziimba n'kumva za lole, za feteleza ndi za nyengo m'chilankhulo chake. Wojambulitsa mawu a Chishona anapezeka msanga, wa Chingerezi chimodzimodzi. Wa Chinyanja anasowa. Abwana anga, mayi wachimanyika wosachulutsa zonena, anandiyang'ana.

"Iwe si umalankhula?"

"Ndimalankhula, koma mawu anga ndi opyapyala. Amayi anga ndiye amatsogolera nyimbo kutchalitchi."

"Kawapemphe."

Tinajambulira m'kachipinda kovaliramo abusa, Loweruka masana, chifukwa ku Gaza kulibe malo ena achete. Amayi anavala bulauzi yawo yakutchalitchi ndi duku latsopano, ngakhale ndinawauza kuti palibe amene awaone. Anawerenga pepala limene ndinawapatsa, n'kulitembenuza, n'kuliika pa benchi.

"Walemba ndani izi?"

"Ndine, amayi."

"Munthu usanam'patse moni ukumuuza kale kuti adine wani, adine thuu? Unaleredwa ndi ndani iwe?"

Ndinayatsa makina. Anakhala tsonga, n'kunena kuti, "Takulandirani. Muli bwanji?" Kenako anangokhala duu. Ndinawakodola ndi dzanja kuti apitirize, iwo anandiopseza ndi chala. Patapita kanthawi anati, "Ifenso tili bwino, zikomo." Nditazimitsa ndinawafunsa chimene anaimira.

"Munthu amayankha," anatero.

Zina zonse tinajambula m'zidutswa. Masiku a pa sabata paokha, mayina a mashedi opimira masamba paokha, "m'mawa" payekha, "masana" payekha, kuti kompyuta izilumikiza yokha malinga ndi uthenga wa tsikulo. Izi zinawaseketsa kwambiri. "Ndiye ndingoti Lachiwiri, osanena chochitika Lachiwirilo?" Atafika pa Lachisanu, tambala analira kuseri kwa tchalitchi. Ndinati tibwereze, iwo anakana. Anati tambalayo nayenso ndi wa mpingo.

Matenda a shuga anali atawagwira kale nthawi imeneyo. Anawatenga pang'onopang'ono, kenako mwadzidzidzi. Anamwalira m'chipatala ku Chipinge m'nyengo ya mvula, tinawaika dothi likumata m'makasu. Pa maliro palibe amene anakumbukira za foni ija. Ine ndinakumbukira pobwerera ku Mutare, kombi, minibasi ya kuno, ikukwera mapiri, koma nambalayo sindinaiimbe. Ndinkaiopa monga mmene ndinkaopera kutsegula sutikesi ya zovala zawo.

Ndinkapita ku Gaza kamodzi pa mwezi kukaona abambo. Anali atatsala okha m'nyumbamo, azing'ono anga ali kuntchito kutali. Tsiku lina masana ndikutsuka mbale kuseri, ndinawamva akulankhula pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Mawu amenewo ndinawazindikira. Abambo anali ndi kalankhulidwe kofewa kamene ankalankhula ndi amayi okha, osati ndi ife, osati ndi abusa. Ndinasuzumira pakona. Anali atakhala pa mpando wawo, foni pa khutu, chipewa pa bondo. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika foni m'thumba la shati. Atatembenuka anandiona.

"Ndimafuna kudziwa za lole," anatero.

Abambo analibe munda wa tiyi, ngakhale mzere umodzi. Ndinati, "Chabwino, ababa," n'kubwerera ku mbale zanga. Sitinakambenso.

Panapita nthawi ndithu. Kenako a bungwe lija anatilembera kuti alimi akudandaula, ndipo akufuna kudziwa ngati pulogalamuyo ili yoyenera kuikonza kapena kuitaya n'kupanga ina. Ankafuna kuti iyesedwe mwa dongosolo, osati mwa maganizo a munthu mmodzi. Abwana anandiitana mu ofesi mwawo.

"Njira ija unaphunzira kukoleji, ya fazi, ndi imene akufuna. Pano woidziwa ndiwe, woyankhula Chinyanja ndiwenso."

"Mawu ali mmenemo ndi a amayi anga."

"Ndikudziwa. Pa maliro ndinalipo. Tikuyesa pulogalamu, sitikuyesa mayi ako. Ukaona kuti sungathe, undiuze, ndiwabwezera ntchito yawo."

Ndinati nditha.

Ubwino wa pulogalamu supimidwa pa sikelo ngati masamba. Umafunsa mafunso angapo: kodi ndi yodalirika, ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, ndi yachangu, ikawonongeka imakonzeka? Vuto ndi lakuti munthu sayankha kuti inde kapena ayi. Amati "ili bwinoko," "imayesetsa," "nthawi zina." Njira ya fazi imalandira mawu oterowo mmene alili. Liwu lililonse umalipatsa dera lake pakati pa ziro ndi wani, ndipo maderawo amalowana, moti yankho limodzi likhoza kukhala mbali ina "zabwino," mbali ina "zapakati." Kenako umalemba malamulo m'mawu wamba, monga lakuti ngati kudalirika kuli kochepa ndipo kukonza kuli kovuta, ubwino ndi wotsika. Pomaliza kompyuta imasonkhanitsa zonsezo n'kutulutsa nambala imodzi. Kukoleji njira imeneyi ndinaikonda chifukwa siikakamiza munthu kunena motsimikiza chimene iye mwini sakutsimikiza.

Ndinayambira mkati mwa pulogalamuyo, ndipo zimene ndinapeza sizinali zabwino. Mnzathu amene anailemba anali atapita ku Joni kalekale, osasiya mawu ofotokoza chimene chinkalumikizana ndi chinzake. Ukakonza pano, pankasweka apo. Pulogalamuyo inkayendera pa kompyuta yakale pakona pa ofesi ya bungwelo, batire yake itafa. Magetsi akathima n'kubweranso, inkaiwala uthenga watsopano n'kubwerera ku wa sabata yapita. Ndiye kuti amayi ankauza anthu kuti lole ibwera Lachiwiri pamene ikubwera Lachinayi, ndipo ankanena mofatsa, mwachikondi, ngati mmene ankanenera zoona.

Kuti ndiyese changu chake ndinayenera kuimba nambalayo mobwerezabwereza, nthawi zosiyanasiyana. Tsiku loyamba ndinaika zomvera m'makutu, anzanga akugogoda makompyuta awo mondizungulira, wina akudya chimanga chootcha. Inalira, n'kuyankhidwa.

"Takulandirani. Muli bwanji?"

Kenako bata lija. Ndinali nditaiwala kuti m'batamo mumamveka kupuma kwawo, komanso benchi ya m'kachipinda kaja ikulira atasuntha pang'ono. Ndinavula zomverazo n'kutuluka panja. Ndinaima pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi pa geti mpaka nthawi yoweruka. Mawa lake ndinaimbanso, ndipo ndinamvetsera mpaka kumapeto. Pofika sabata yachiwiri ndinkaimba ndikumwa tiyi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kuthawira panja kuja. Bata lija ndinalipima kutalika kwake, chifukwa pa funso la changu linkawerengedwa ngati nthawi yotayika. Ndinalilemba mmene linalili.

Gawo lotsala linali lofunsa alimi. Tinatsikira ku Honde pa galimoto ya bungwelo, msewu ukupindikapindika, nkhungu itadzaza chigwa chonse moti nsonga za nthochi zinkangotumphuka apo ndi apo. Kumtunda kunali kozizira, pansi thukuta linayamba. Ndinkakhala pa mashedi opimira masamba n'kumacheza ndi obwera ndi madengu awo. Ambiri anali olankhula Chimanyika, Chishona cha kumeneko, ndipo mayankho awo anali ofanana: kugwiritsa ntchito n'kosavuta, koma za tsiku la lole uyenera kufunsanso kwa mnzako. Olankhula Chinyanja anali ochepa, ambiri okalamba. Ena ankasankhabe Chishona pa foniyo chifukwa ana awo ndi amene ankawaimbira.

Pa shedi ina anandiuza za gogo wina wokhala chakumtunda, amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Ndinakwera kanjira koterera mpaka pakhomo pake. Ndinam'peza akusankha nyemba pa lichero, atamanga kapulana yofiira, chitenje cha kwawo. Nditam'patsa moni m'Chinyanja anaika lichero pansi n'kundiyang'anitsitsa, kenako anandikokera mphasa.

"Agogo, nambala ija ya lole mumaimba?"

"Ndimaimba. Ndili ndi mnzanga kumeneko."

"Mukaiona, ndi yodalirika kwambiri, pang'ono, kapena sidalirika n'komwe?"

"Mayi amene uja? Amanama nthawi zina. Koma si mtima wake, amamunamiza ndi a mu ofesi. Mwezi uja wa mvula anandiuza kuti Lachiwiri. Ndinalawirira ku mashamba, kumunda kwanga, ndinathyola, ndinasenza mpaka ku shedi. Lole osabwera. Masamba anafiira m'dengu momwemo. Ndinamuimbira, ndinam'kalipira, iye anangoti zikomo, mutsale bwino." Anaseka, n'kupukusa mutu. "Ulemu ndiye ali nawo. Kuno ana anga omwe amandiyankha m'Chishona. Wondifunsa kuti muli bwanji m'chilankhulo changa n'kudikira kuti ndiyankhe ndi iye yekha."

Ndinalemba. Dzanja linkalemba lokha.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi phava la nthochi zazikulu. "Iwe ndi wa ku ofesi, ukumudziwa. Ukam'patse. Umuuze kuti zachokera kwa wokalamba amene amam'kalipira uja." Anaima ali chigwirire nthochizo. "Koma mawu ako akupita ngati ake. Ndi m'bale wako?"

"Ndi amayi anga."

"Ee! Ndiye bwanji osanena? Ali bwanji?"

"Anatisiya, agogo."

"Liti?"

"Papita nthawi. Mvula yagwa kawiri pa manda awo."

"Iyayi. Ndalankhula naye dzulo."

Foni yake inali yomangiriridwa pa nsonga ya kapulana. Anaimasula mofulumira, n'kuiika pansi patali ndi mphasa, n'kupukuta dzanja pa ntchafu. Nkhope yake inasintha. Ankandiyang'ana ngati ndabwera ndi chinthu choipa pakhomo pake.

"Ndiye za lole amamuuza ndani?"

Ndinafotokoza mmene tinajambulira, kachipinda kaja, masiku paokha, mashedi paokha, kompyuta yolumikiza. Anamvetsera osaphethira.

"Munadula mawu ake m'zidutswa?"

"Inde."

"Iye anavomera?"

"Anavomera. Ankaseka."

"Ankaseka chifukwa sankadziwa kuti afa." Ananena mokalipa. "Nanga ine ndam'kalipira kangati? Munthu ali m'manda ine ndikum'tukwanira masamba!"

Ndinapepesa, ngakhale sindinadziwe bwino chimene ndinkapepesera. Ndinali ndi mafunso awiri otsala, la changu ndi la kusavuta, koma anakana. Anati iye saweruza womwalira, ndikafunse ena. Nditaimirira kuti ndizipita ananditsatira ndi nthochi zija.

"Bambo ako alipo?"

"Alipo."

"Ukawapatse iwowo. Uwauze kuti pepani."

Potsika ndinacheuka. Anali ataima pomwepo, foni ikadali pansi, nkhuku zikuizungulira. Sindikudziwa ngati anaimbanso. Alimi ena onse amene ndinawafunsa pambuyo pake sindinawauze kuti mawuwo ndi a ndani, ndipo palibe anafunsa.

Nditabwerera ku Mutare ndinalowetsa mayankho onse. Kusavuta kunakwera bwino. Changu chinali chapakati. Kudalirika kunali pansi, kukonzeka kunali pansi kwenikweni. Nambala yomaliza inagwa kumunsi kwa theka, m'dera limene tinalitcha "chotsikirapo." Njira ya fazi imalola woyesa kusuntha malire a madera aja pang'ono, kuti aone ngati yankho lili lolimba kapena langochitika mwamwayi. Ndinasuntha uku, ndinasuntha uko, mpaka pamene panathera chilungamo. Nambala inkagwedezeka, koma siinadutse theka. Ndinkadziwa kuti ikunena zoona. Masamba a anthu anali atapsa m'madengu, ndipo akanapsanso.

Abwana anawerenga lipotilo ine ndili chiimire.

"Walemba bwino," anatero. "Ukufuna kupita kunyumba masiku angapo?"

Ndinati ndipita akalengeza chigamulo.

A bungwe anagamula kuti pulogalamuyo itayidwe. Yatsopano inali yoti ikhale ndi nambala ina yaifupi, ndi mawu opangidwa ndi makina, otha kunena chilichonse chimene chalembedwa popanda kujambula munthu. Ndinawapempha kuti mawu a amayi asamukire ku yatsopanoyo. Anandiyankha mwaulemu kuti sizingatheke, chifukwa panali mashedi atsopano amene amayi sanawatchule, ndi mauthenga ena amene kale kunalibe. Sindinatsutse. Ndikanakhala ine woweruza ndikanayankha chimodzimodzi.

Ndinapita ku Gaza. Abambo ndinawapeza akusoka chikwama chakale ndi singano yaikulu. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kuwauza zonse, kuyambira ntchito imene ndinapatsidwa, ulendo wa ku Honde, mpaka nambala imene inatuluka. Za gogo uja ndinawauza theka lokha, la nthochi. Anamvetsera akusoka.

"Ndiye amayi ako mwawachotsa ntchito," anatero.

Ndinayesa kuseka, sizinatheke.

"Anapeza malikisi angati?"

"Si iwo amayesedwa, ababa. Ndi makina."

"Ndamva. Makinawo anapeza angati?"

"Sanafike theka."

"Koma mbali yawo, ya kulankhula?"

"Imeneyo inakwera. Anthu amawamva bwino."

Anagwedeza mutu, n'kuluma ulusi. "Amamveka, eya. Ali mtsikana ankaimba kumunsi kwa munda, ife m'fakitale tikumva, makina akulira." Anaika chikwama pambali. "Atseka liti?"

"Lolemba likubwerali, dzuwa likapendeka."

"Usapite kaye."

Lolembalo abambo anasamba m'mawa, anameta ndevu, n'kuvala jekete lawo lakutchalitchi. Atadya nkhomaliro anatulutsa mipando iwiri panja. Kunja kunali phokoso la masiku onse, makombi akuitanira anthu opita m'tauni, ana akuweruka kusukulu. Anandipatsa foni.

"Uike kuti tonse tizimva."

Ndinaimba. Amayi anatilandira, anatifunsa mmene tilili. Abambo anayankha mokweza, osachita manyazi, ndipo anandigunda ndi chigongono kuti nanenso ndiyankhe. Ndinayankha. Aka kanali koyamba. Tinadina wani, tinamva za lole. Tinabwerera, tinadina thuu, amayi anatiuza kathiridwe ka feteleza m'mizere ya tiyi, abambo akuvomereza ndi mutu ngati mlimi. Tinamva za nyengo. Kenako anandiuza kuti ndisankhe mashedi onse limodzilimodzi, a ku Honde amene iwo sanapondeko, ndi a kufupi ndi Chirinda kumene anakwatirana. Pa shedi ina lole inali ya Lachisanu, ndipo tambala analira. Abambo anaseka mpaka misozi.

"Ameneyo tinadya pa Khirisimasi," anatero. "Anali wa mkazi wa abusa."

Tinaimbanso kangapo. Kenako nthawi ina foni inangolira osayankhidwa. Tinayesanso, inatiuza m'Chingerezi kuti nambalayi sikupezeka. Abambo anavula jekete, analipinda, n'kulowa nalo m'nyumba. Madzulo ake anadya bwino, ndipo anandifunsa za mtengo wa kombi ngati palibe chachitika.

Ine ndinali nditakonzeka. Zidutswa zonse za mawu a amayi ndinali nditazikopera, n'kuzilumikiza mwadongosolo kuti zikhale ngati kuimba kumodzi. Mawa lake ndisananyamuke ndinaziika m'foni mwawo n'kuwaonetsa podina. Anamvetsera kamodzi.

"Ndi mawu awo, eya," anatero. "Koma chotsa."

"Bwanji, ababa?"

"Uku ndikuwayatsa ine, ngati wailesi. Kuja ndinkaimba, inkalira, sindinkadziwa ngati ayankha. Nthawi zina magetsi akathima sankayankha. Ndiye ndinkati atuluka."

Ndinachotsa. Azing'ono anga ndinawatumizira, iwo anasangalala, ndipo mmodzi amaziyatsira ana ake kuti amve Chinyanja cha agogo awo.

Pulogalamu yatsopano inayamba. Patapita miyezi ndinapatsidwanso ntchito yoiyesa ndi njira yomweyo, ndipo inakwera pa mafunso onse. Lole ikati Lachinayi imabwera Lachinayi. Mawu ake ndi a mtsikana amene kulibe, olankhula Chichewa cha m'tauni za ku Malawi, chosalala, chothamanga, chimene agogo anga sakanachizindikira kuti ndi chawo. Alimi ochepa okalamba anati amachimva movutikira, ndipo ndinalemba zimenezo. Anachichepetsa liwiro. Ku kanjira koterera kaja sindinakwerekonso. Ndinafunsa pa shedi, anandiuza kuti gogo uja anatengedwa ndi mwana wake, ali ku Mutare. Nthawi zina ndikamayenda mu msika ndikaona kapulana yofiira ndimachepetsa liwiro, koma sindinakumane naye.

Chaka chotsatira, Loweruka lina, ndinafika ku Gaza n'kupeza abambo atakhala m'nyumba, chitseko chili chotseka dzuwa lili pamutu. Sanali odwala. Foni inali pa tebulo patsogolo pawo.

"Ayankha," anatero.

Ndinafunsa kuti, "Ndani?"

"Mkazi."

Anandifotokozera. Kuyambira tsiku lija ankaimbabe nambala yakale apo ndi apo, n'kumamva uthenga wa Chingerezi uja. Sankayembekezera kanthu. M'mawa wa tsikulo anaimba, foni inalira, n'kunyamulidwa, ndipo mawu a mkazi anafunsa m'Chishona kuti ndani. Abambo anam'patsa moni m'Chinyanja. Mkaziyo sanamve, anafunsanso kuti ndani, kumbuyo kwake kukumveka wailesi ndi mwana akulira. Apo ndi pamene abambo anadzigwira mtima n'kulankhula Chindau. Anali mtsikana woluka tsitsi ku Masvingo, amene anali atangogula nambalayo sabata yomweyo. Makampani a mafoni amatero, nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaigulitsa kwa wina.

"Munamuuza chiyani?"

"Ndinati ndalakwitsa nambala. Anati palibe mlandu, sekuru, ndiye kuti agogo. Anati ndine wachitatu kumuimbira lero, ena amam'funsa za lole." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Mwana wa ulemu. Ndinam'funsa ngati ali bwino, anati ali bwino."

Anandikankhira foni.

"Ifufute. Ine sindidziwa pofufutira. Ndingamavutitse mwana wa eni."

Ndinatsegula pa mayina. Nambalayo sanailembe kuti lole, kapena bungwe. Anailemba ndi dzina la amayi la pa utsikana, limene ine ndinangolimva kawiri kapena katatu moyo wanga wonse. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pa zenera. Ndinafufuta.

Abambo anaimirira n'kutsegula chitseko. Anati mpanda wakuseri wagwa ndipo mbuzi za aneba zikudya ndiwo, ndikawagwirire mitengo iwo akumanga. Tinagwira ntchitoyo mpaka dzuwa linapendeka. Lamlungu tinapita kutchalitchi limodzi, ndipo Lolemba m'mawa anandiperekeza pokwerera kombi, atandinyamulira thumba la mapeyala.